Kuyatsa Nyali Usiku Popanda Kudzutsa Nyumba Yonse

Pali ulendo umodzi umene munthu aliyense amayenda, mfumu ndi munthu wamba yemwe, koma sitiukamba pagulu chifukwa cha manyazi. Ndiwo ulendo wa pakati pa usiku wopita kukadzithandiza. Ndi ulendo waufupi ndithu, wa mapazi oŵerengeka, komabe m'mabanja ambiri ndiwo umene umabala madandaulo a m'maŵa, maso ofiira a ana a sukulu, ndipo nthaŵi zina ngozi yeniyeni. Ine ndidaphunzira mochedwa kuulemekeza ulendo umenewu, ndipo amene adandilipirira phunzirolo ndi bambo anga ondibala.

Bambo angawo, amene kuno kwathu ku Embangweni timaŵaitana kuti adada, adabwera kudzakhala nafe atapitirira zaka 80. Mwana wanga wachisamba, amene ali pa ntchito ku Johannesburg monga anyamata ambiri a boma lino la Mzimba, adatumiza ndalama kuti timange bafa ndi chimbudzi cha m'nyumba, kuti agogo ake asamatulukenso panja m'nyengo yachisanu. Mmisiri adaika swichi ya chingwe pa thabwa la kudenga. Nyumba yathu ndi ya malata, ilibe siling'i, ndipo makoma a zipinda safika kudenga. Tsono munthu akakoka chingwe chija, phokoso lake linkamveka nyumba yonse, ndipo kuŵala kwa babu kunkadumpha makoma nkuloŵa m'chipinda chilichonse.

Adada ankadzuka katatu kapena kanayi usiku uliwonse. Kuchipinda choyandikana ndi bafalo kunkagona mkamwana wathu ndi khanda la miyezi inayi. Chingwe chikangolira, khanda nalo linkayambapo. Mkamwanayo sadanenepo kanthu, pakuti mwambo wathu sulola kuti mkamwana adandaule za akuluakulu a pamudzi pamene adakwatiŵa. Amene adalankhula ndine. Tsiku lina tikumwa tiyi ndidati, “Koma chingwe chija chatilanda tulo m'nyumba muno.” Ndidanena moseka, koma adada sadaseke.

Patapita masiku atatu, usiku wina wozizira wa mwezi wa Julaye, tidamva chinthu chikugwa m'njira yopita kubafa. Adada adaayenda mumdima osayatsa, napunthwa pa ndowa imene mwana wina adaiŵala pakhomo, nathyoka mkono. Tili kuchipatala ndidaŵafunsa kuti, “Adada, bwanji simudayatse magetsi?” Iwo adandiyang'ana nati, “Mwana wanga, ndimati kamwana kaja kagoneko.” Mkonowo udatenga miyezi iŵiri kuti ulunzike, koma mau amenewo sadachoke m'mutu mwanga. Nchifukwa chake ndalemba nkhaniyi, kuti makolo ndi achinyamata tiganizire pamodzi funso ili: kodi munthu angathe bwanji kuona njira yake usiku popanda kuvutitsa amene agona?

Kuchokera ku Chikuni Kufika pa Swichi

Pamene Donald Fraser adasamutsa mishoni kuchoka ku Hora kubwera ku Embangweni m'chaka cha 1902, naitcha Loudon, makolo athu ankaunikira njira ya usiku ndi chikuni cha moto kapena muuni wa udzu. Magetsi adayaka ku Livingstonia m'chaka cha 1905, pamene Dr. Robert Laws adagwiritsa ntchito madzi a Manchewe, koma kwa anthu a m'midzi chimenecho chidali chozizwitsa chongomva. Makina a magetsi a pa Nkula, pa mtsinje wa Shire, adayamba kugwira ntchito m'chaka cha 1966, ndipo ntchito ya boma yofikitsa magetsi kumidzi, yotchedwa MAREP, idayamba m'chaka cha 1980. Pa zaka zonsezo mfumu ya usiku m'nyumba zathu idali koloboyi.

Kalembera wa anthu wa m'chaka cha 2008 adapeza kuti mabanja oposa 8 mwa mabanja 10 alionse m'Malaŵi ankaunikira ndi palafini. Pofika kalembera wa 2018 zinthu zidasintha kwambiri: mabanja oposa theka ankaunikira ndi matochi ndi nyali za mabatire, ndipo ounikira ndi magetsi adali pafupifupi 11 mwa 100 alionse. Ngakhale amene tili ndi magetsi tidaphunzira kusaŵadalira kotheratu. Mu Januwale 2022 namondwe wotchedwa Ana adaononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo magetsi ankazima maola ambiri kufikira m'chaka cha 2023. Motero nzeru iliyonse imene banja lingasankhe iyenera kugwira ntchito ngakhale usiku umene magetsi azima.

Kodi Swichi Imaliriranji?

Ambiri timayesa kuti kulira kwa swichi ndi chizindikiro cha kupangidwa moipa. Si choncho ai. M'kati mwa swichi muli tizitsulo tiŵiri timene timakhudzana kuti magetsi adutse. Tizitsulo timeneti tikamayandikana kapena kulekana pang'onopang'ono, moto umadumpha pakati pake, nutiwotcha. M'chaka cha 1884 mmisiri wa ku Newcastle ku England, John Henry Holmes, adapanga swichi yokhala ndi sipuling'i imene imakankha tizitsulo tija mwadzidzidzi, kuti moto usapeze mpata wodumpha. Kulira kumene timamva ndi kwa sipuling'i imeneyo ikugwira ntchito yake yotiteteza.

Pamenepa pali chenjezo. Ana ena, ndi akulu omwe, pofuna kuti swichi isalire amaidina pang'onopang'ono nkuiimika pakatikati. Mukamva ikuchita ngati mafuta m'chiwaya, dziŵani kuti moto ukudumpha m'katimo. Chizoloŵezi chimenechi chimapsereza swichi, ndipo chingathe kuyambitsa moto. Dinani kamodzi mpaka ifike, koma chala china chigwirize mbali inayo kuti phokoso lichepe.

Nanga swichi ya chingwe bwanji? Kalumikizidwe ka magetsi m'nyumba zathu tidatengera ku Britain, kumene mwambo wake ndi wakuti swichi ya bafa ikhale kunja kwa chitseko, kapena ikhale kudenga nkumakokedwa ndi chingwe. Cholinga chake nchabwino. Magetsi a m'nyumba zathu ndi a mavoti 230, ndipo munthu wa manja onyowa, woima pa simenti yonyowa wopanda nsapato, angathe kufa atakhudza swichi yoonongeka. Koma swichi ya chingwe ili ndi sipuling'i yolimba, ndipo imakhomedwa pa thabwa kapena pa siling'i, zimene zimakuza phokoso monga chikopa cha ng'oma. Kale ku America ankagulitsa maswichi osalira konse okhala ndi mtovu wamadzi wotchedwa mercury, koma adaŵasiya chifukwa mtovuwo ndi poizoni. Chimenechi chitiphunzitse kuti chete wogula ndi moyo alibe phindu.

Kuŵala Nakonso Kumasokosa

Kuno ku Embangweni kuli sukulu ya ana osamva ya Sinodi ya Livingstonia. Aliyense amene adakhalapo pakati pa anthu osamva amadziŵa kuti pofuna kuŵaitana onse m'chipinda, munthu amayatsa ndi kuzimitsa getsi. Kuŵala ndi kuitana ndithu, ndipo kumamufika munthu ngakhale atatsinzina. Chomwecho banja limene lachotsa phokoso la swichi koma lasiya babu woŵala ngati masana lathetsa theka lokha la vuto.

Madokotala amatiuza kuti kukada thupi limatulutsa madzi otchedwa melatonin amene amalikonzekeretsa kugona. Kuŵala kwamphamvu, makamaka koyera mobiriŵira monga kwa mababu ambiri a LED ndi kwa foni, kumachepetsa madzi amenewo, ndipo munthu amavutika kupezanso tulo akabwerera pamphasa. Kuŵala kochepa, kwachikasu kapena kofiirira, sikusokoneza kwambiri. Palinso china. Diso limatenga mphindi 20 mpaka 30 kuti lizoloŵere mdima bwino lomwe, koma babu wamphamvu amachotsa kuzoloŵerako nthaŵi yomweyo. Munthu akazimitsa babu wotere nkuyamba kubwerera kuchipinda, amakhala wakhungu kuposa mmene adapitira, ndipo ndi pamene amaomba mpando kapena kuponda mwana wogona pansi.

Ife aphunzitsi timaona zotsatira zake m'kalasi. Akatswiri a za tulo amati mwana wa zaka 6 mpaka 12 ayenera kugona maola 9 mpaka 12 usiku uliwonse. Mwana amene wadzutsidwa katatu amasinza pa phunziro loyamba la masamu, ndipo kaŵirikaŵiri timamuyesa waulesi pamene vuto lili kunyumba.

Mdima Sindiwo Mankhwala

Wina anganene kuti, “Ngati zili choncho, tiziyenda osayatsa.” Ndiyo njira imene adada adasankha, ndipo mwamva kumene idaŵafikitsa. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati chaka chilichonse anthu pafupifupi 684,000 amamwalira chifukwa cha kugwa, ndipo ochuluka mwa iwo ndi a zaka zopitirira 60. Fupa la nkhalamba limathyoka msanga ndipo limachedwa kupola. Ambiri amene athyoka fupa la m'chiuno sayendanso monga kale.

Kwa amene chimbudzi chathu chili panja, ndipo ndife ochuluka, pali adani enanso. Mphiri imayenda usiku, imakonda kugona panjira, ndipo sithaŵa ikamva mapazi monga zimachitira njoka zina. Zinkhanira zimabisala m'ming'alu ya khoma ndi pansi pa chivundikiro. Bungwe lomwelo limati anthu apakati pa 81,000 ndi 138,000 amafa chaka chilichonse chifukwa cholumidwa ndi njoka, ndipo m'chaka cha 2017 lidaika vutoli pa mndandanda wa matenda onyalanyazidwa a m'maiko otentha. M'nyengo ya dzinja, pamene udzu wakula ndipo nthaka yafeŵa, chimbudzi chokumba chingathe kugumuka m'mphepete. Akuluakulu adati tsoka silinunkha. Choncho chofunika ndi kuŵala kokwanira kuona pamene phazi likuponda, kosapitirira pamenepo.

Kwa Okhala ndi Magetsi kapena Sola

Choyamba, ikani kanyali kakang'ono ka usiku m'njira yopita kubafa, kosomeka pa soketi, koyaka usiku wonse. Popeza simukayatsa kapena kukazimitsa, palibe cholira. Musaope mayunitsi. Kanyali ka LED ka wati imodzi kakayaka maola 10 usiku uliwonse kwa masiku 30 sikamaliza ngakhale theka la yuniti imodzi, pamene babu wakale wa mawati 60 akadadya mayunitsi 18 pa nthaŵi yomweyo. Kupepuka kumeneku tikukupeza chifukwa cha akatswiri atatu a ku Japan, Isamu Akasaki, Hiroshi Amano ndi Shuji Nakamura, amene adalandira mphotho ya Nobel m'chaka cha 2014 chifukwa cha ntchito yawo pa nyali za LED. Sankhani kachikasu, ndipo kakhale pansi, kosapitirira bondo, kuti kaunikire simenti osati denga.

Chachiŵiri, pali nyali zoyaka zokha munthu akayandikira. Zili ndi kadiso kamene kamamva kutentha kwa thupi loyenda, ndipo zimazima zokha patapita kanthaŵi. Zimapezeka m'masitolo ena a zamagetsi m'mizinda. Za mabatire ndi zochajidwa ngati foni ndizo zabwino kwa ife, chifukwa sizifuna mmisiri, sizilira, ndipo zimayaka ngakhale magetsi atazima. Zina zolumikiza ku magetsi a nyumba zimalira pang'ono poyaka, choncho pemphani kuti akuyesereni m'sitolo momwemo. Dziŵaninso zofooka zake: mphaka ndi makoswe amaziyatsa, ndipo munthu akakhala osagwedezeka zimamzimira. Muuzeni agogo kuti ikazima angogwedeza dzanja.

Chachitatu, ngati swichi ya chingwe ndiyo ikuvuta, itanani mmisiri wa magetsi wokhala ndi chiphaso cha bungwe la MERA kuti aichotse, aike swichi ya pakhoma kunja kwa chitseko, pa khoma la njerwa losayandikana ndi chipinda chogona. Maswichi otambalala kaŵirikaŵiri amalira motsika kusiyana ndi ang'onoang'ono. Musalole mnyamata wa pakhomo kuyesa ntchitoyi ndi mpeni, ndipo musakokere nthambo ya soketi m'bafa. Madzi ndi magetsi sizigwirizana.

Chachinayi, m'nyumba yopanda siling'i tsitsani babu wa kubafa kuti akhale m'munsi mwa msinkhu wa khoma, ndipo mumuike chophimba chake chogula. Musamkulunge ndi pepala kapena nsalu, pakuti zimenezi zimagwira moto.

Kwa Okhala ndi Chimbudzi cha Panja

Tochi ikhale ndi malo ake amodzi odziŵika, pafupi ndi mutu wa munthu amene amadzuka kaŵirikaŵiri. Phokoso lalikulu la usiku limachokera kwa munthu wofufuza tochi mumdima, akugwetsa makapu ndi mbale. Poyatsa, lozetsani tochi pansi kapena iphimbeni ndi zala, ndipo muiŵalitse mokwanira mutatuluka panja. Kansalu kofiira komangira kumaso kwa tochi ya LED kamafeŵetsa kuŵala kwake, ndipo sikapsa popeza tochi yotere sitentha kwenikweni. Imangeni chingwe chokoleka m'khosi kuti manja akhale omasuka, makamaka kwa agogo oyenda ndi ndodo ndi mai wonyamula mwana.

Kanyali ka sola kokoleka pakhomo pa chimbudzi kamathandiza banja lonse ndi alendo omwe. Mbale yake yolandira dzuŵa iyang'ane chakumpoto, pamalo popanda mthunzi, ndipo muzipukuta fumbi, makamaka m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala. Lambulani njira, dulani udzu m'mbali mwake, ndipo ndandikani miyala yopaka laimu kapena dothi loyera, imene imaoneka ngakhale pa kuŵala kochepa. Nsapato zikhale pakhomo, ndipo muzizikutumula musanavale. Mpondagiya ndi sopo zikhale pamene kuŵala kwa nyali kumafika, kuti kusamba m'manja kusaiŵalike chifukwa cha mdima.

Koloboyi ndi kandulo tizisiye pa ulendo umenewu. Machesi amadzutsa anthu, mphepo imazimitsa moto pakati pa njira, ndipo chimbudzi chofolera ndi udzu kapena masikito a pabedi zimayaka m'kamphindi. Chitseko nachonso tisachiiŵale. Dontho limodzi la mafuta pa mahinjesi ndi pa loko limathetsa kulira kwa miyezi ingapo, ndipo kachidutswa ka labala kokhomera pa mphuthu kamaletsa chitseko kumenyetseka. Kwa nkhalamba yofooka, wodwala kapena mai woyembekezera wotopa, ndowa ya chivundikiro m'chipinda si chinthu chochititsa manyazi. Ndi nzeru, malinga itayidwe ndi kutsukidwa m'maŵa uliwonse.

Mau kwa Achinyamata

Inu ana athu mumadalira tochi ya foni. Kumbukirani kuti galasi la foni likayaka m'chipinda limadzutsa ang'ono anu, ndipo inu eni mukayamba kuŵerenga mauthenga pakati pa usiku tulo sitibweranso. Gwirani foni mwamphamvu pamwamba pa dzenje. Ikagweramo, isiyeni. Mpweya wa m'dzenje la chimbudzi umakomola munthu ndipo umapha, ndipo palibe foni yofanana mtengo ndi moyo wanu. Mabatire otha musaŵataye pabwalo pamene makanda amaseŵera.

Amene muli m'sukulu zogonera komweko, kumene anthu makumi angapo amagona m'chipinda chimodzi, panganani kuti babu wamkulu asayatsidwe ikakwana nthaŵi yogona, ndipo aliyense akhale ndi katochi kake. Atsikana ndi ana aang'ono asapite okha kuchimbudzi chakutali. Mng'ono wanu akakudzutsani kuti mumperekeze, dzukani osanyinyirika. Ana ambiri amanyowetsa mphasa chifukwa choopa mdima ndi kuopa kukalipiridwa, osati chifukwa cha ulesi. Ndipo ntchito yochotsa ndowa, nsapato ndi mipando m'njira madzulo aliwonse ikhale yanu.

Pamene Nyali Yokha Sikwanira

Makolo tizikhala tcheru ndi chiŵerengero cha maulendo amenewa. Kudzuka kamodzi usiku nchinthu wamba, makamaka kwa okalamba ndi amai oyembekezera. Koma munthu akamadzuka katatu kapena kanayi usiku uliwonse, mwina thupi likunena kanthu. Matenda a shuga amayamba chomwecho, pamodzi ndi ludzu losatha ndi kuonda. Kwa abambo achikulire, kutupa kwa kachiŵalo kotchedwa prostate kumatsekereza njira ya mkodzo. Matenda a m'chikhodzodzo ndi mankhwala ena a kuthamanga kwa magazi amachitanso zomwezo. Chipatala cha mishoni cha Embangweni, chipatala cha boma cha Mzimba ndi zipatala zing'onozing'ono za m'madera athu zilipo kuti tikafunse. Wodwala asasiye kapena kusintha mankhwala payekha, koma akafotokozere adokotala. Kuchepetsa tiyi ndi thobwa madzulo kumathandiza, malinga munthu amwe madzi okwanira masana.

Kwathu tidachotsa chingwe chija. Tsopano pali kanyali kachikasu pafupi ndi simenti m'njira yopita kubafa, kanyali kena koyaka kokha m'bafamo, ndi tochi ya chingwe pamutu pa bedi la adada. Zonsezi zidatidya ndalama zochepa kuposa zimene tidaononga pa maulendo a kuchipatala. Adada amadzukabe usiku, ngakhale maulendo adachepa atalandira chithandizo, ndipo khanda lija, limene tsopano likuyenda, silidziŵa nkomwe kuti agogo ake aakulu adutsa.

Chimene ndikupempha mabanja onse nchochepa. Usiku wa lero, anthu onse atagona, mmodzi wa inu ayende njira imeneyi kuchokera pa mphasa ya munthu wamkulu koposa m'nyumbamo kufikira kuchimbudzi. Amvetsere chimene chikulira, aone pamene pali mdima ndi pamene kuŵala kwapyola muyeso, ndipo maŵa lake akonze. Ndipo ngati phokoso la usiku lakusautsani, lankhulani ndi swichi ndi chitseko, osati ndi nkhalamba. Iwo amamva zambiri kuposa mmene timaganizira, ndipo amalolera kuvulala mwakachetechete kusiyana ndi kukhala mtolo kwa ana awo.